Maonekedwe ndi magulu m'phata la atomu: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa amachokera kwa ophunzira fizikisi kuno ku Zomba, ena a Fomu 4, ena a chaka choyamba ndi chachiwiri ku Chirunga, komanso kwa aphunzitsi anzathu amene ana anawapanikiza nawo m'kalasi. Amene mukudziwa kale za mapulotoni ndi manyutuloni mutha kudumpha funso loyamba.

Nyukiliyasi n'chiyani, ndipo yopepuka ndi iti?

Atomu iliyonse ili ndi phata pakati pake, nyukiliyasi, ndipo ma elekitironi amakhala kunja. M'phatamo muli mapulotoni ndi manyutuloni, ndipo kulemera kwa atomu, kupitirira 99.9 peresenti, kuli momwemo. Ernest Rutherford anazindikira zimenezi mu 1911, potengera zimene Hans Geiger ndi Ernest Marsden anapeza ku Manchester atawombera golide wopyapyala ndi tizidutswa totchedwa ma alpha. Nyutuloni inadziwika mochedwa, mu 1932, kudzera mwa James Chadwick. Mutakulitsa nyukiliyasi ya kaboni kufika sentimita imodzi, atomu yake ingatambalale mamita pafupifupi 300.

Zopepuka ndi zija za kumayambiriro kwa periodic table: heliyamu, lithiyamu, beriliyamu, kaboni, okosijeni, neoni ndi zoyandikana nazo. Nambala imene timalemba kumapeto kwa dzina ndi chiwerengero cha tizidutswa tonse, mapulotoni ndi manyutuloni pamodzi. Kaboni-12 ali ndi mapulotoni 6 ndi manyutuloni 6.

Buku lathu limajambula nyukiliyasi ngati kamulu kobulungira ka timipira. Likutinamiza?

Silikunama, koma likunena zochepa. Manyukiliyasi obulungira alipo ndithu, makamaka amene mapulotoni kapena manyutuloni awo ndi 2, 8, 20, 28, 50, 82 kapena 126. Manambala amenewa anawafotokoza Maria Goeppert Mayer ndi Hans Jensen mu 1949: tizidutswa timakhala m'zigawo zosanjikizana, ndipo chigawo chikadzaza, nyukiliyasi imalimba n'kubulungira. Koma ambiri sali choncho. Ena ndi otalika mbali imodzi, ena ndi ophwatalala. Aage Bohr, Ben Mottelson ndi James Rainwater analandira mphoto ya Nobel mu 1975 chifukwa chofotokoza zimenezo, ndipo mu 2013 ku CERN, malo a kafukufuku a pafupi ndi Geneva, kunapezeka umboni woti radiyamu-224 ndi yonenepa uku, yowonda uko.

Chimene ine ndimadana nacho pa chithunzi cha m'buku si kubulungirako, koma timipira tokhala phee, kalikonse pamalo pake. Tizidutswato sitikhazikika, ndipo palibe angaloze pomwe kena kali. Tikamanena za maonekedwe a nyukiliyasi tikunena za komwe tizidutswa timapezeka kawirikawiri poyerekeza ndi tinzake.

Nanga magulu mukunenawo ndi otani?

Mapulotoni awiri ndi manyutuloni awiri akakumana amagwirana zolimba kwambiri. Kagulu ka anayi kameneka ndi nyukiliyasi ya heliyamu-4, alpha yemwe uja munaphunzira pa mutu wa radioactivity. Kuti mumumwaze yense pamafunika mphamvu ya 28 MeV, ndipo kungomugwedeza chabe kuti akwere pa mulingo wotsatira wa mphamvu pamafunika 20 MeV. MeV ndi muyezo wa mphamvu umene timagwiritsa ntchito m'nkhanizi, ndipo kwa kanthu kakang'ono chotero manambalawa ndi aakulu. Chifukwa cha kulimbako, m'manyukiliyasi ena opepuka tizidutswa sitisakanikirana tonse. Timayamba tagwirana anayianayi, kenaka maguluwo n'kumakokana mofooka.

Beriliyamu-8 ndiye chitsanzo chosatsutsika. Ndi ma alpha awiri ogundizana, ndipo sakhalitsa n'komwe. Gawani sekondi imodzi ndi 1 wotsatiridwa ndi maziro 16, nthawi imeneyo ikakwana asiyana kale. Koma onjezanipo nyutuloni imodzi, mupeza beriliyamu-9 amene saphwanyika, wopezeka m'miyala. Nyutuloni ija imayenda pakati pa ma alpha awiriwo n'kuwamanga pamodzi, monga momwe ma elekitironi amamangira maatomu mu molekyulu.

Ganizoli ndi lakale. John Wheeler analemba za magulu mu 1937, ndipo mu 1938 Lawrence Hafstad ndi Edward Teller ananena kuti kaboni-12 ndi ma alpha atatu pa makona atatu, pamene okosijeni-16 ndi anayi, atatu pansi ndi mmodzi pamwamba. Mfundo ya zigawo itatchuka, ganizo la magulu linakankhidwira pambali kwa nthawi ndithu.

Ngati magulu alipo, bwanji saonekera nthawi zonse?

Yankho lodziwika kwambiri linachokera ku Japan mu 1968, kwa Ikeda, Takigawa ndi Horiuchi. Iwo anati magulu amaonekera bwino nyukiliyasi ikakhala ndi mphamvu yoyandikira imene imafunika kuti isweke kukhala magulu omwewo. Nyukiliyasi ikakhala pa mulingo wake wapansi, ma alpha amapanikizana, kulowererana, mpaka n'kovuta kunena kuti uyu wathera apa, uyo wayambira apo. Mukaipatsa mphamvu mpaka kutsala pang'ono kusweka, imafufuma, maguluwo n'kutalikirana.

Kaboni-12 amasweka kukhala ma alpha atatu akapitirira 7.27 MeV. Okosijeni-16 amataya alpha mmodzi pa 7.16 MeV, neoni-20 pa 4.73 MeV. Ofufuza amakasaka magulu pafupi ndi manambala oterewa. N'chifukwa chake ntchitoyi ndi yovuta: chinthu chimene mukufuna kuyeza chimaonekera bwino pamene chili pafupi kutha.

Timamva za Hoyle state. N'chiyani, ndipo ikutikhudza bwanji?

Thumba la makala limene latsika pa njinga m'mamawa kupita ku Chinamwali kapena kumsika waukulu, mbali yaikulu ndi kaboni. Thupi lanu nalonso, pafupifupi 18 peresenti ya kulemera kwake ndi kaboni. Kaboni yenseyo anaphikidwa m'nyenyezi, chifukwa pachiyambi penipeni panali haidulojeni, heliyamu ndi lithiyamu pang'ono basi.

Kuchoka pa heliyamu kufika pa kaboni pali phompho. Palibe nyukiliyasi yokhazikika ya tizidutswa 5, ndipo ya tizidutswa 8 nayo palibe, choncho simungakwere kamodzikamodzi. Mu 1952 Edwin Salpeter anafotokoza njira ina: mkati mwa nyenyezi yokalamba, kutentha kukafika madigiri pafupifupi 100 miliyoni, ma alpha amagundana pafupipafupi moti nthawi iliyonse pamakhala beriliyamu-8 wochepa kwambiri, ndipo alpha wachitatu akhoza kumugunda asanasweke. Fred Hoyle atawerengera anaona kuti njirayi payokha singatulutse kaboni wochuluka ngati amene alipo, pokhapokha kaboni-12 atakhala ndi mulingo wa mphamvu pamwamba pang'ono pa mphamvu ya beriliyamu-8 ndi alpha. Mu 1953 ali ku Caltech, ku California, anauza akatswiri a kumeneko kuti akayang'ane pafupi ndi 7.68 MeV. Gulu la Ward Whaling linayeza n'kuupeza. Lero muyezo wake ndi 7.65 MeV, ndipo mulingo umenewo ndiwo Hoyle state.

Ngakhale zili choncho, khomolo ndi lopapatiza. Kaboni akafika pa mulingo umenewu, pafupifupi nthawi zonse amaswekanso kubwerera ku ma alpha atatu. Mwa maulendo 10,000, ndi anayi okha amene amatulutsa mphamvu yotsalayo n'kutsikira pansi, kawirikawiri kudzera mu kuwala kwa gamma kuwiri, 3.21 MeV kenaka 4.44 MeV. Makala a panjinga aja anadutsa mwa anayi amenewo.

Palinso mbali ina imene anthu amaiwala. Okosijeni-16 ali ndi mulingo pa 7.12 MeV, pansi pang'ono pa 7.16 MeV tatchula ija. Ukanakhala pamwamba pang'ono, kaboni wambiri akanameza alpha wina n'kusanduka okosijeni. William Fowler wa ku Caltech komweko analandira Nobel mu 1983 pa ntchito ya mmene nyenyezi zimapangira zinthu. Hoyle sanapatsidwe nawo mphotoyo, ndipo mpaka lero ena amadandaula nazo.

Palibe maikulosikopu yoona nyukiliyasi. Ndiye amadziwa bwanji zonsezi?

Funso lenileni ndi limeneli. Palibe anaonapo maonekedwe a nyukiliyasi ndi maso. Zonse zimachokera ku kuwombera, kuyeza zimene zatuluka, ndi kuwerengera mobwerera m'mbuyo.

Tiyeni tilowe m'chipinda choyesera. Makina otchedwa cyclotron amathamangitsa ma alpha mozungulira pogwiritsa ntchito maginito ndi magetsi, n'kuwatulutsira m'paipi yochotsedwa mpweya. Kumapeto kwa paipiyo kuli chibokosi chachitsulo, ndipo pakati pake apachika kapepala ka kaboni kopyapyala osakwana gawo limodzi mwa 1,000 a milimita. Kapepalako sikagwiridwa ndi zala. Amakayandamitsa pa madzi n'kukavuula ndi kafelemu koboola pakati, ndipo popopa mpweya m'bokosimo amayamba pang'onopang'ono, chifukwa kamphepo kochepa kakhoza kukang'amba. Mozungulira amaika timatabwa ta silikoni. Mtundu wina wofala ndi wa masentimita 5 mbali zonse, wokhala ndi mizere 16 kutsogolo ndi 16 yopingasa kumbuyo. Alpha akagunda, mzere umodzi wakutsogolo ndi umodzi wakumbuyo imatulutsa kamagetsi, ndipo pomwe mizereyo yapingasana ndi pomwe wagunda. Kukula kwa kamagetsiko kumanena mphamvu yake.

Ma alpha ambiri amangodutsa kapepalako osakhudza kanthu. Mwa apo ndi apo mmodzi amagunda kaboni-12, kumukweza mphamvu, kaboniyo n'kusweka patatu. Kompyuta imasunga zokhazo zimene tizidutswa tingapo tafika nthawi imodzi. Mukadziwa mphamvu ndi njira ya alpha aliyense mwa atatuwo, malamulo omwe aja a ku sekondale, akuti mphamvu ndi momentum sizitayika, amakuuzani mphamvu imene kaboni anali nayo asanasweke. Kugunda kumodzi sikunena kanthu. Makina amayenda usana ndi usiku, anthu akusinthana mashifiti, ndipo pa sikirini kamzere kamayamba kutumphuka pa 7.65, kena pa 9.64. Kutumphuka kulikonse ndi mulingo umodzi wa kaboni-12.

Njira ina safuna zidutswazo n'komwe. Amangoyeza mphamvu imene chowomberacho chataya, pochikhotetsa ndi maginito aakulu. Chotayikacho ndicho chalowa mu nyukiliyasi.

Chabwino, mwapeza milingo. Maonekedwe akuchokera pati?

Akuchokera ku kuzungulira. Nyukiliyasi yosabulungira imatha kuzungulira, koma pa liwiro lololedwa lokha, ndipo milingo yake imatsata ndondomeko yodziwika. Kuchuluka kwa kuzungulirako timakutchula spin. Kwa chinthu chozungulira mosasintha thupi, mulingo wa spin 4 umakhala ndi mphamvu yoposa wa spin 2 maulendo 3.33. Kaboni-12 ali ndi spin 2 pa 4.44 MeV ndi spin 4 pa 14.1 MeV. Gawani nokha, mupeza pafupifupi 3.2. Kuwonjezera apo, chinthu chikakhala chachitali kapena chofufuma, mipata ya pakati pa milingo imachepa, motero mipatayo imaulula kukula kwake.

Makona atatu ali ndi chizindikiro chawochawo: amalola milingo ina imene chinthu chongotalika sichingakhale nayo. Roelof Bijker ndi Francesco Iachello anawerengera ndondomeko yake, ndipo mu 2014 gulu la ku Birmingham linapeza mulingo wa spin 5 pa 22.4 MeV, pamalo pomwe ndondomekoyo inkalozera. Umboni umenewu ndi wamphamvu, koma muumvetse bwino. Ukunena kuti kaboni-12 amazungulira ngati chinthu cha makona atatu. Sukunena kuti muli timipira titatu tolimba tooneka patalipatali.

Ndiye Hoyle state ili ndi maonekedwe otani?

Apa akatswiri sanamvanebe. Mu 1956 Haruhiko Morinaga anati ndi ma alpha atatu ondondozana pa mzere umodzi. Zikanakhala choncho, mulingo wake wa spin 2 ukanakhala pafupi kwambiri, osakwana 1 MeV pamwamba pake. Akatswiri anausaka zaka zoposa 50, chifukwa wabisala pansi pa milingo ina yotambalala. Zoyesa za ku iThemba LABS ku South Africa, za ku Osaka ku Japan, ndi za ku Duke University mu 2013 kumene anawombera ndi kuwala kwa gamma, zinaupeza pafupi ndi 10 MeV. Mpata wa 2 MeV ndi kupitirira ndi waukulu kwambiri kwa mzere wowongoka, choncho ganizo la Morinaga linagwa.

Atsala ndi maganizo angapo. Mu 2001 Tohsaki, Horiuchi, Schuck ndi Röpke anati ma alpha atatuwo alibe malo okhazikika, amangoyandama motalikirana ngati mpweya. Mawerengero a pa makompyuta akuluakulu a gulu la Evgeny Epelbaum anapeza mzere wopindika pakati. Ena akuti ndi makona atatu ofufuma. Onse amagwirizana pa chimodzi: nyukiliyasiyo ndi yotupa kuposa kaboni wamba.

Ena anayesa kuthetsa mkanganowu poona mmene imaswekera. Mu 2017 magulu awiri, la ku Birmingham ndi lina la ku Italy, anapeza kuti kusweka patatu nthawi imodzi kumachitika mosakwana kamodzi pa maulendo 2,000. Nthawi zina zonse amachoka alpha mmodzi, n'kusiya beriliyamu-8 amene amasweka pambuyo pake. Zotsatirazi zinachepetsa malo oti munthu angolota, koma sizinasankhe wopambana. Mukaona chithunzi pa intaneti chikuti Hoyle state imaoneka chonchi, funsani kuti ndi mawerengero a ndani.

Nanga halo n'chiyani?

Mu 1985 Isao Tanihata ndi anzake, ku Berkeley, anawombera manyukiliyasi osakhalitsa a lithiyamu pa chandamale n'kuwerenga kuti ndi angati agunda. Chinthu chachikulu chimagunda kawirikawiri, ndiye kuwerengako kumapereka kukula. Kuchoka pa lithiyamu-6 kufika pa lithiyamu-9 kukula kunkasintha pang'ono. Pa lithiyamu-11 kunalumpha. Mu 1987 Gregers Hansen ndi Björn Jonson anafotokoza chifukwa chake: pakati pali lithiyamu-9 wamba, ndipo manyutuloni awiri otsalawo agwiridwa ndi 0.37 MeV yokha, pamene mwa manyukiliyasi ambiri kadutswa kamodzi kamagwiridwa ndi pafupifupi 8 MeV. Motero amayenda kutali, mpaka dera limene amafikako limafanana ndi kukula kwa nyukiliyasi ya mtovu-208, ya tizidutswa 208. Dera la manyutuloni oyenda kutaliwo ndilo halo. Theka la lithiyamu-11 limatha pasanathe gawo limodzi mwa 100 a sekondi.

Chodabwitsa china n'chakuti lithiyamu-9 ndi nyutuloni imodzi sagwirana, ndipo manyutuloni awiri paokha sagwirananso. Zimagwira zikakhala zitatu, ngati mafuwa: chotsanipo limodzi, awiri otsalawo mphika sangaunyamule. Heliyamu-6 ali chimodzimodzi, alpha ndi manyutuloni awiri. Kaboni-12 nayenso, popeza ma alpha awiri paokha ndi beriliyamu-8 wosakhalitsa uja.

Ntchitoyi imachitikira kuti? Kuno ku Africa ilipo?

Manyukiliyasi osakhalitsa amapangidwa ku RIKEN ku Japan, GANIL ku France, GSI ku Germany, TRIUMF ku Canada, ISOLDE ku CERN ndi FRIB ku Michigan, imene inatsegulidwa mu 2022. Ku RIKEN ndi kumene okosijeni-28 anaoneka koyamba, ndipo zotsatira zake zinafalitsidwa mu 2023.

Kwa ife malo apafupi ndi iThemba LABS, kufupi ndi Cape Town. Cyclotron yawo imathamangitsa mapulotoni mpaka 200 MeV, ndipo makina awo a maginito otchedwa K600 ndi amene anathandiza pa kusaka spin 2 ya Hoyle state kuja. Malo omwewo amapanganso mankhwala a radiation a m'zipatala.

Kodi izi zikugwirizana ndi mabomba, kapena ndi mgodi wa Kayelekera?

Ndi mabomba ayi. Kuphwanya kaboni-12 kumadya mphamvu, sikutulutsa. Ndi Kayelekera, ku Karonga, kulumikizana kulipo pang'ono: yureniyamu-238 amawola potulutsa alpha, ndipo alphayo ayenera kuyamba wapangika mkati asanatuluke. George Gamow anafotokoza mu 1928 mmene amatulukira, koma za mmene amapangikira zikufufuzidwabe. Mu 2021 gulu lina linafalitsa zimene linapeza ku Osaka litawombera manyukiliyasi a tini ndi mapulotoni, kusonyeza kuti ma alpha amapangika pamwamba pa manyukiliyasi olemera nawonso. Za chitetezo cha radiation kuno kwathu zili m'manja mwa Atomic Energy Regulatory Authority, motsatira lamulo la mu 2011.

Phindu lake n'chiyani kwa munthu wa ku Matawale kapena ku Sadzi?

Sindikunamizani kuti maonekedwe a Hoyle state adzatsitsa mtengo wa feteleza. Amene amachita kafukufukuyu amafuna kudziwa mmene mphamvu yomanga nyukiliyasi imagwirira ntchito, ndi chifukwa chake m'chilengedwe muli kaboni ndi okosijeni wochuluka chonchi. Manyukiliyasi opepuka ndi malo abwino oyesera, poti tizidutswa take n'tochepa moti kompyuta imatha kuwerengera kalikonse.

Zogwirika zilipo zingapo. Nyutuloni yomanga beriliyamu-9 ija yagwiridwa ndi 1.67 MeV yokha, choncho alpha akagunda beriliyamu imatuluka mosavuta. Umu ndi momwe Chadwick anaipezera, ndipo zida zina zoyezera chinyezi m'nthaka, za ofufuza zaulimi ndi omanga misewu, zimagwiritsa ntchito njira yomweyo. Ku Chiba, ku Japan, akhala akuwotcha khansa ndi manyukiliyasi a kaboni kuyambira 1994. Ena mwa manyukiliyasiwo amasweka m'thupi n'kutulutsa ma alpha amene amapitirira chotupacho, ndipo madokotala amafunika manambala olondola a kuswekako.

Ndilibe labotale. Pali chimene ndingayese ndekha?

Tengani kakyuleta. Atomu ya heliyamu-4 imalemera 4.002603 pa muyezo wa u, ndipo kaboni-12 imalemera 12 ndendende, chifukwa muyezowo unakhazikitsidwa pa iyeyo. Chulukitsani heliyamu katatu, mupeza 12.007809. Chotsanipo 12, patsala 0.007809. Muyezo umodzi wa u ndi 931.5 MeV, ndiye chulukitsani, mupeza 7.27 MeV, malire aja a ma alpha atatu. Hoyle state ili 0.38 MeV pamwamba pake, n'chifukwa chake imasweka.

Chitaninso ndi beriliyamu-8, amene amalemera 8.005305. Ma heliyamu awiri ndi 8.005206. Beriliyamu akuposa ndi 0.000099, kutanthauza 0.092 MeV, ndipo popeza ndi wolemera kuposa zidutswa zake, sakhalitsa. Manambala a manyukiliyasi ena onse, pamodzi ndi milingo yawo, ali pa intaneti kwaulere pa tsamba la International Atomic Energy Agency ndi la National Nuclear Data Center ya ku Brookhaven, ndipo amatseguka pa foni. Yambani ndi okosijeni-16 ndi neoni-20, muone ngati mupeza 7.16 ndi 4.73.